MSONKHO WAUKURU, SUKULU YOSAUKA: MLANDU WA KU EDGEWOOD

M'mwezi wa May 2025 Bwanamkubwa wa dziko la Texas ku America, Greg Abbott, anasaina lamulo lopatula madola 1 biliyoni kuti Boma lizilipirira ana amene makolo ao afuna kuwatumiza ku sukulu zolipira, zimene siziri za Boma. Lamulolo linati mwana mmodzi azipatsidwa ngati madola 10,000 pa caka, kuyambira m'caka ca sukulu ca 2026-27. M'caka comweco aphungu anavomerezanso madola 8.5 biliyoni a sukulu za Boma, ngati theka la iwo a malipiro a aphunzitsi. Koma ndarama ya maziko imene Boma liwerengera mwana ali yense, imene inaima pa madola 6,160 ciyambire 2019, anangoionjezera madola 55. Wofuna kudziwa cimene makolo osauka a dziko lija aopera ayenera kuyang'ana ku Edgewood, dera la anthu apanchito kumadzulo kwa mzinda wa San Antonio, kumene mkangano umenewu unabuka zaka zoposa 50 zapitazo.

Ku America sukulu siziyendetsedwa ndi Boma la ku Washington ai. Dziko la Texas, monga maiko ena ambiri, ligawidwa m'zigawo za sukulu, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi komiti yace imene isonkhetsa msonkho pa nyumba, masitolo, mafakitale ndi minda ya m'cigawomo, molingana ndi mtengo wa katunduyo. Tsono pamene pali nyumba za mtengo wapatali sukulu ikhuta, ndipo pamene pali timanyumba ta anthu olandira malipiro a pa sabata sukulu igona ndi njala. Boma la dzikolo liponyapo gawo lace, la ku Washington liponyaponso pang'ono.

Pa 16 May 1968 ana ngati 400 a pa sekondale ya Edgewood anaturuka m'makalasi mwao kudandaula za kusowa kwa zipangizo ndi aphunzitsi ophunzira nchito yao. Makolo anawatsata. Mmodzi wa iwo anali Demetrio Rodriguez, mmisiri wa malata pa bwalo la ndege za nkhondo la Kelly, amene ana ace anali pa sukulu ya pulaimale ya Edgewood. Iye ndi makolo anzace anakasuma ku bwalo la milandu m'caka comweco, ndipo mlanduwo unatenga dzina lace.

ZIWERENGERO ZA PA BWALO

Oweruza anayerekeza zigawo ziwiri za mumzinda umodzi, m'caka ca sukulu ca 1967-68. Edgewood inali ndi ana ngati 22,000. Mwa ana 100 ali onse, 90 anali a mtundu wa ku Mexico ndipo 6 anali akuda. Katundu yense wa m'cigawomo, pomugawa pa ana, anakwana madola 5,960 pa mwana. Alamo Heights inali ndi ana ngati 5,000, ambiri a iwo Azungu, ndipo katundu wace anapitirira madola 49,000 pa mwana.

Pano ndipo pali codabwitsa. Anthu a ku Edgewood anadziikira msonkho wa dola limodzi ndi masenti 5 pa madola 100 ali onse a katundu wao, msonkho woposa wa zigawo zonse za mumzindamo, ndipo unabala madola 26 pa mwana. A ku Alamo Heights anasonkha masenti 85 okha, napeza madola 333 pa mwana. Munthu angayembekeze kuti Boma la Texas likadadzaza dzenjelo, koma ilo linapatsa Edgewood madola 222 pa mwana ndi Alamo Heights madola 225, ndiye kuti wokhuta analandira koposa wanjala. Pamodzi ndi za ku Washington, mwana wa ku Edgewood anawerengeredwa madola 356, wa ku Alamo Heights 594. Palibe anganene kuti makolo a ku Edgewood sanasamale za maphunziro. Anatapa m'thumba mozama koposa anzao, koma thumbalo linali losazama.

Ndarama zimenezi zinaoneka m'kalasi. Ku Alamo Heights mphunzitsi mmodzi anali ndi ana ngati 20, ku Edgewood ngati 26. Kwa kholo limene mwana wace akhala pansi pakati pa anzace osawerengeka, ana 26 amveka ngati nthano, ndipo kusiyana kwa ana 6 kuoneka kwacabe. Ciwerengero colemera ndi cina: aphunzitsi 47 mwa 100 ali onse a ku Edgewood anaphunzitsa ndi cilolezo congoyembekezera, opanda setifiketi yokwanira, pamene ku Alamo Heights otere anali 11 okha. Cigawo cosauka sicikadatha kulipira monga colemera, motero aphunzitsi odziwa nchito anali kumuka kumene kunali malipiro.

Bwalo loyamba linaweruza mokomera makolo m'caka ca 1971. Koma pa 21 March 1973 Bwalo Lalikuru la United States linagwetsa ciweruzoco, oweruza 5 kutsutsana ndi 4. Woweruza Lewis Powell analemba kuti malamulo akuru a United States saika maphunziro pakati pa maufulu amene awateteza. Thurgood Marshall, woweruza wakuda woyamba pa bwalo limenelo, anakana mwamphamvu, koma mbali yace inacepa ndi munthu mmodzi. Mlanduwo unabwerera ku mabwalo a Texas mwini, ndipo m'caka ca 1989 Bwalo Lalikuru la Texas, oweruza onse mogwirizana, linati kagawidwe ka ndarama kanaswa malamulo a dzikolo. Pa nthawiyo mpata unali ukadali waukuru: katundu wa madola 38,854 pa mwana ku Edgewood, 570,109 ku Alamo Heights. M'caka ca 1993 panadza lamulo lotenga gawo la msonkho wa zigawo zolemera kukathandiza zosauka, limene anthu analipatsa dzina la Robin Hood. Ana a Rodriguez anali atakula kale. Iye anamwalira m'caka ca 2013.

KODI KALASI YAING'ONO ITHANDIZA?

Ithandiza ndithu, ndipo umboni wace ulipo. Kuyambira 1985 kufikira 1989 dziko la Tennessee linayesa m'sukulu 79: ana a m'makalasi oyamba anawagawa mwa maere, ena m'makalasi a ana 13 kufikira 17, ena a ana 22 kufikira 25. A m'makalasi aang'ono anapambana pa kuwerenga ndi masamu, ndipo opindula koposa anali ana akuda ndi ana a osauka. Dziko la California linacita cangu m'caka ca 1996 nilitsitsa makalasi oyamba pa ana 20. Aphunzitsi a setifiketi sanakwanire, ndipo opanda setifiketi anacuruka makamaka m'sukulu za osauka. Zinacitika monga ku Edgewood kuja: kalasi inacepa, koma woimirira kutsogolo kwa kalasiyo sanali wofanana kwa onse. Texas nayo iri ndi lamulo la 1984 loletsa ana oposa 22 m'makalasi oyamba, koma cigawo cosowa aphunzitsi kapena zipinda cikhoza kupempha Boma kuti cipitirize ciwerengeroco.

Texas inavomereza kuti ana safanana pa zosowa zao. Lamulo la 2019 lionjezera pa ndarama ya maziko ngati gawo limodzi mwa magawo anai cifukwa ca mwana wa banja losauka, ndiponso pali zoonjezera za mwana amene akuphunzira Cingerezi. Ici ndi cilungamo cimene Rodriguez sanacione pa masiku a ana ace. Koma zoonjezerazo ziwerengedwa kucokera pa ndarama ya maziko ija, imene inaima zaka 6 pamene mitengo ya zinthu inali kukwera. Ndiponso Texas ilipira sukulu poyang'ana ana amene afika tsiku ndi tsiku, osati olembedwa m'kaundula. Mwana akadwala, kapena akatsala kunyumba kulera mng'ono wace pamene amace ali ku nchito, sukulu itaya ndarama, ndipo zotere zicuruka m'madera a osauka.

Tsono lamulo la 2025 lifika pa cigawo cimene cacepa kale, pakuti ana a ku Edgewood lero sakwana ndi theka lomwe la 22,000 aja. Ofuna lamulolo akuti kholo losauka nalonso liyenera kusankha sukulu monga acita olemera, ndipo mau amenewa si acabe kwa kholo limene ladikira zaka zambiri. Otsutsa ayankha kuti ana atatu akacoka m'kalasi ya ana 22 ndarama zao zicoka nao, koma mphunzitsi alandirabe malipiro ace onse, magetsi ayakabe, basi iyendabe njira yomweyo. Ndiponso sukulu yolipira ikhoza kukana mwana amene siimfuna, pamene sukulu ya Boma ya ku Edgewood iyenera kulandira mwana ali yense wokhala m'cigawo cace.