ZA UMOYO WATHU: NTHENDA YA M'KATI MWA DISO SILINDIRA MAWA

Pa nyengo yokolola anthu ambiri a m'midzi amalasidwa m'diso ndi phesi, munga kapena waya. Bala likazama, tizilombo tochedwa mabakiteriya timalowa m'kati mweni-mweni mwa diso ndi kuyamba kuswana. Zotere zimacitikanso mwa kamodzi-kamodzi pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Madotolo amaicha nthendayi endophthalmitis.

Diso limafiira ndi kuwawa, cikope cimatupa, kupenya kumacepa mofulumira, ndipo nthawi zina mafinya amaonekera m'munsi mwa mbali yakuda ya diso. Popanda cithandizo, diso likhoza kufa m'masiku owerengeka.

Mankhwala odonthezera m'maso safika mokwanira pamene pali nthendayi. Cifukwa cace dotolo amatapa timadzi ta m'diso ndi singano yaing'ono kuti tikapimidwe, ndipo nthawi yomweyo amabaya mankhwala awiri, vancomycin ndi ceftazidime, m'kati mwa disolo. Diso likaipa kwambiri, amacita opaleshoni yocotsa mafinya.

Bvuto lalikulu ndi lakuti tizilombo tina tinaleka kumva mankhwala. Pamenepo zopima zija ndizo zimauza dotolo mankhwala ena oyenera, monga amikacin, koma pofika nthawiyo diso limakhala litaonongeka ndithu.

Bvutoli silisankha dziko losauka kapena lolemera. Mu 2023, ku America, tizilombo totere ta mtundu wa Pseudomonas aeruginosa tinafala kudzera m'botolo za mankhwala odonthezera m'maso. Tinapezeka mwa anthu 81. Maso a anthu 14 anaonongeka, 4 anacotsedwa diso, ndipo 4 anamwalira.

Tizilombo timalimba motere pamene mankhwala agwiritsidwa nchito mosasamala, monga kugula makapisozi pa msika ndi kumwa popanda kupimidwa. Kubwerekana botolo la mankhwala a m'maso kumafalitsanso tizilombo.

Tsono munthu amene walasidwa m'diso, kapena amene diso lace layamba kuwawa ndi kucita mdima atacoka ku opaleshoni, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Asatikite disolo, ndiponso asathiremo madzi a zitsamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere. A pa kiliniki akamtumiza ku cipatala ca maso, monga ca Mwami kufupi ndi Chipata, abale asazengereze ndi ulendowo. Cimanga cikhoza kudikira m'munda, koma diso likafa silibwereranso.