Usanagule graphics card, yamba wayang'ana soketi

Pa Sande m'mawa foni yanga inalila nikali mu bulangeti. Usiku wake ninali ku show mpaka mbandakucha, so maso yanali yolema. Kuyang'ana, ni mufana wanga wa kumunzi kwa Nyampande ku Petauke, mwana wa amama ang'ono. Olo moni sanapeleke bwino.

"Akulu, nshawa nagulitsa. Ndalama zili mu foni. Nifuna graphics card ija ili na mafani yatatu."

Ninamufunsa funso limodzi chabe: "Manje uzaiika mu chani?"

Zii. Kompyuta alibe. Chamene ali nacho ni chithunzi cha khadi yowala mitundumitundu chamene anaona pa TikTok.

Musamuseke, chifukwa nkhani yake ni ya ambili a imwe. Mufana uyu analima yekha kamunda ka nshawa, kupalila yekha, kukumba, kuyanika, kusenda. Amama ang'ono anaonjezelapo ndalama ya mbuzi imodzi atawalonjeza kuti makina yazabweza. Pulani yake ni kuika kompyuta mu kababashopu ka mnzake: masana kuikila anthu nyimbo mu ma flash na kulemba ma CV, madzulo anyamata azilipila pa gemu ya bola. Ndalama iyi ikapsa, kulibe malipilo ya pa mwezi yozabweza. Ni kuyembekeza chaka chamawa, ngati mvula izagwa bwino.

Ndiye vamene ninamuuza nalemba pano, kuti na imwe amene musunga ndalama ya kompyuta yanu yoyamba ya magemu mumveko.

Choyamba ni malaiti. Aja amene mumaona pa YouTube akumanga makompyuta ku America na ku UK sakambako za ichi, chifukwa kwao soketi siigona. Ise tinaona mu 2024. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, pa 29 February boma linalengeza kuti ni tsoka la dziko lonse, ndipo load shedding inafika poti malaiti kuyaona ni usiku pakati. Kababashopu ka mnzake wa mufana wanga kayendela sola na batile. So funso loyamba si lakuti khadi yamphamvu ni iti. Funso ni lakuti makina yako yazadya ma watts yangati.

Tiyeni tiwelenge pamodzi. Batile ya 12V 100Ah isunga pafupifupi 1,200Wh. Ngati ni ija ya lead-acid, suyenela kuikama kupitilila theka, apo ayi izafa bwangu. Yatsala 600Wh, elo inveta nayo idyako yake. Kompyuta yopanda graphics card, pamodzi na monitor, ikamasewela gemu idya pafupifupi 120W. Apo uli na maawa pafupifupi 4. Manje ikamo RX 580, yamene payokha ifuna 185W. Makina yonse yapitilila 300W, ndipo batile yako siifika olo maawa yawili. Anyamata akali pa mzele na makobili m'manja, sikilini yazima.

Pa inveta futi, funsani ngati ni pure sine wave. Zija zochipa za modified sine wave sizimvana na ma power supply yambili ya masiku yano. Yena yamalila ngati njuchi, yena yamangozima pakati pa gemu.

Chachiwili, ufuna kusewela gemu yanji? Osayankha kuti "yonse". Mufana wanga afuna bola, afuna kumenya zigoli na Patson Daka. Koma EA Sports FC 24, yamene inatuluka mu September 2023 pamene dzina la FIFA linasiyidwa, ifuna khadi yosachepela GTX 1050 Ti olo RX 570, RAM ya 8GB na malo ya 100GB. Ganizani 100GB pa bundle ya mu foni, pa network ya kumunzi. Ifunikanso intaneti kuti ilowe poyamba. Pamene GTA V, yamene inabwela pa kompyuta mu 2015, na magemu ya bola yakale monga PES 2021, siyavuta maningi. Gemu iliyonse ili na mndandanda wa vamene ifuna. Welengani uwo musanatume ndalama kwa munthu aliyense.

Ukadziwa malaiti yako na gemu yako, njila zili ziwili.

Njila yoyamba ni kumanga yatsopano na processor yamene ili na graphics mukati mwake. Chitsanzo chabwino ni AMD Ryzen 5 5600G ya mu 2021: ma core 6, idya 65W chabe, elo ibwela na fani yake mu bokosi. Ikhala pa motherboard ya AM4, monga A520, B450 olo B550. Iyi izakuseweletsa GTA V na PES ukatsitsako ma settings. Nisakunamizeni: pa FC 24 payokha siikwana. Ubwino wake ni wakuti malo ya khadi yakhala yakuyembekeza. Ukakolola futi, ungagule khadi n'kungoisomeka, osataya chinthu olo chimodzi chamene unagula kudala.

Apa samalani na vilembo. G ija ya kumapeto ndiye nkhani yonse. Ryzen 5 5600 yopanda G, olo 5500, zilibe graphics. Kwa Intel, yamene ili na F kumapeto, monga i3-12100F, nayo ilibe. Ukagula izi popanda khadi, uzayatsa, mafani yazazungulila, koma sikilini izakhala bii. Elo ma board yena, makamaka B450 yakale, yafuna BIOS yatsopano kuti yazindikile 5600G. Uzani ogulitsa aike processor pa board, ayatse pamaso panu.

Njila yachiwili ni kugula kompyuta yakale ya mu ofesi, monga Dell OptiPlex olo HP ProDesk, n'kuikamo khadi ya 75W monga GTX 1650 olo GTX 1050 Ti. Makhadi aya yambili yatenga mphamvu pa motherboard pomwepo, siyafuna chingwe china. Njila iyi kambili ichipa, ndipo FC uzaisewela lelo lomwe. Koma ili na misampha yake. Ngati bokosi ni ija yopyapyala, khadi wamba siilowa, ifunika ya low profile, elo power supply ya mukati ingakhale yochepa mphamvu. Vipangizo va mukati kambili ni va kampani iyo chabe, vikafa kupeza vina ni nchito. Futi yang'anani zaka za processor. Microsoft inaika 14 October 2025 ngati tsiku lomaliza kusamalila Windows 10, ndipo Windows 11 ifuna Intel ya 8th generation kupita kutsogolo. So i5-8500 ili bwino, koma i5-4570 olo ichipe bwanji, dziwani kuti mugula nkhalamba.

Chachitatu ni RAM. Gulani 16GB, koma timitengo tiwili twa 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Chifukwa chake ni ichi: graphics ya mukati mwa processor ilibe memory yakeyake, ibweleka ku RAM. Timitengo tiwili tipatsa njila ziwili. Ni monga pa mjigo: mijigo ikakhala iwili, mzele wa vigubu uyenda. Pa AM4 gulani DDR4, makamaka ya 3200. DDR5 siilowa pa malo ya DDR4, olo mukankhe bwanji. Muzangothyola.

Posungila vinthu, yambani na SSD ya 500GB. Windows na magemu vikhale apo. Hard drive yakale ija yozungulila mukati ikhale ya nyimbo na mafilimu chabe. Elo pa bampu za mu basi SSD ilimba kupambana hard drive, chifukwa ilibe chozungulila.

Chachinayi, ndipo apa ninakweza mau pa foni: power supply. Ichi ndiye chinthu chamene aliyense afuna kuchipitsa, chifukwa sichioneka pa chithunzi. Ine ninaphunzila na misozi. Nikali ku koleji ninagula bokosi yamene inabwela na power supply yopanda dzina, yopepuka ngati paketi ya mabisiketi, koma yolembedwa 600W. Tsiku lina malaiti yanapita, yanabwela mwaukali, ninangomva "phu!" na kafungo ka pulasitiki. Inafa, ndipo siinafe yokha. Inatenga motherboard na hard drive mwamene munali ma assignment yanga na ma interview ya oimba yamene sininasunge kwina. Chochipa chimadula.

Funani ya 450W mpaka 550W ya kampani yodziwika, monga Corsair, Cooler Master olo Seasonic, yamene ili na waranti. Chizindikilo cha 80 Plus chitanthauza kuti siitaya mphamvu yambili ngati kutentha, chinthu chofunika kwa munthu wa sola. Koma sticker aliyense angamate, so yang'anani dzina na model, osati sticker chabe. Pa ndalama yomweyo siyaniko ya surge protector. Mvula ya viphaliwali ikayamba, zimani, zulani pulagi ku khoma.

Vamene mungachipitse viliko. Bokosi ikhale wamba, malinga ili na popita mphepo na fani imodzi kumbuyo. Malaiti ya mitundumitundu siyamenya chigoli. Monitor ya second hand ya 22 inch ikwana, olo TV ya panyumba ngati ili na HDMI. Kwa wa bola, ndalama ya keyboard yowala ipite ku ma pad yawili yolimba, chifukwa ndiyo yazamva kuwawa tsiku na tsiku.

Manje za second hand. Safunsa anadya phula. Ma RX 580 yambili yamene yali pa msika yanasebenza usana na usiku pokumba ndalama za crypto, ndipo yanatayidwa pa msika pamene Ethereum inasiya njila ija mu September 2022. Si yonse yoipa, koma yambili ni yotopa. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, yamene mphamvu yake ni ya RX 570. Ikani mu flash mapulogilamu yaulele aya: CPU-Z, GPU-Z na CrystalDiskInfo. GPU-Z izakuonetsani ma shader: RX 580 yeniyeni ili na 2304, ija ina 2048. CrystalDiskInfo izakuuzani maawa yamene drive yasebenza. Seweletsani gemu mphindi 20 pomwepo pa shopu, mvelani mafani, yang'anani ngati sikilini ionetsa mizele. Ogulitsa akakana kuyatsa, nyamukani. Mashopu mu town muno ni yambili. Elo osatuma ndalama pa Airtel Money olo MoMo kwa munthu wa pa Facebook amene simunamuone, kaya chithunzi chiwale bwanji.

Kwa wa ku Petauke na Nyimba palinso masamu yena. Kuchoka pa Intercity mu Lusaka kufika pa Petauke ni makilomita pafupifupi 400 pa Great East Road. Chinthu chikafa patapita sabata imodzi, kuchibweza ni tikiti ya basi kupita na kubwela, kuikapo chakudya cha pa Luangwa Bridge. Ka ndalama kamene unapulumutsa pogula chopanda lisiti kathela pa njila. So tengani lisiti yolembedwa serial number na masiku ya waranti. Ponyamula, khadi ichoke mu kompyuta, ikhale mu bokosi yake pa miyendo panu, osati pansi pa basi pamodzi na masaka.

Mukafika, makina yasakhale pansi. Fumbi ya August na kutentha kwa October ku Nyimba mukudziwa. Tsitsi la mu babashopu ndiye loipilatu, mafani yamakoka lonse. Ikani pa tebulo, kutali na mpando wogelela, ndipo mwezi na mwezi zimani, tsegulani, pukutani na bulashi yofewa.

Mitengo sinilemba pano, chifukwa iyenda na dollar. Wa lelo si wa pa Chisanu. Funsani mashopu yatatu tsiku limodzi, lembani pa pepala, ndiye musankhe.

Madzulo ya Sande yomweyo amama ang'ono ananitumila okha.

"Mwanangu, ivi vinthu ine nivimvetsa lini. Niuze chabe, mbuzi yanga yapita olo izabwela?"

"Amama, musade nkhawa. Musamulole atume ndalama kwa munthu aliyense. Abwele nayo kuno, tikagule tonse awili."

Abwela pa Chiwelu na basi ya m'mawa. Pa pepala lathu pali 5600G, board ya AM4, timitengo tiwili twa 8GB, SSD ya 500GB, power supply ya waranti na ma pad yawili. Tasankha vatsopano chifukwa kwa Nyampande ni kutali kobwezela katundu. Khadi palibe. Anadandaula, anati anzake azamuseka. Ninamuuza kuti anzakewo azalipila pa PES na GTA malinga sikilini siizima, ndipo ndalama yoyamba kutuluka mu makina ni ya mbuzi ya amama. Ya khadi tizakamba nshawa zikakhwima futi.