Boma lisamadule msonkho pa phindu lomwe kulibe

Boma la Malawi limabwereka ndalama kwa anthu ake omwe. Limatero kudzera ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imagulitsa zikalata za ngongole zotchedwa ma Treasury bill, za masiku 91, 182 ndi 364, komanso ma Treasury note a zaka zingapo. Wogula chikalata amapereka ndalama zake lero, ndipo tsiku lowombola likakwana amabwezeredwa ndalamazo pamodzi ndi chiwongoladzanja. Koma chiwongoladzanjacho sichifika m'manja chathunthu. Amayamba adulapo msonkho wa 20 peresenti, n'kuutumiza ku bungwe lotolera misonkho la MRA mwini ndalama asanaziwone n'komwe. Ine ndikuti msonkho umenewu, ukagwera munthu wamba wosunga pang'ono, ndi wosalungama ndipo uyenera kuchotsedwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'chaka cha 2024 chikalata cha masiku 364 chinkabala 26 peresenti. Tiyerekeze mphunzitsi wopuma pa ntchito amene anaikako K1 miliyoni ya penshoni yake. Phindu lake likanakhala pafupifupi K260,000. Akadulapo msonkho wa pafupifupi K52,000, chotsala ndi K208,000. Koma chaka chomwecho mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 30 peresenti kwa miyezi yambiri, ndipo ya chakudya inkathamanga kuposa pamenepo. Kuti miliyoni ija igule chimanga, sopo ndi mafuta ophikira zomwe inkagula chaka chapitacho, inkayenera kubala K300,000 kapena kuposa. Ndiye kuti msonkho usanadulidwe n'komwe, mphunzitsiyu anali ataluza kale. Nanga boma likudula msonkho pa phindu liti? Chimene latenga ndi gawo la mpamba wa mayi kapena bambo amene anagwira choko zaka zonsezo.

Zimapweteka kwambiri ukakumbukira kuti wodula msonkhoyo ndi yemweyo wobwereka, ndiponso ndi yemweyo amene ali ndi udindo woteteza mphamvu ya Kwacha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi chikalata masiku amenewo sakanatha kuthawa. Ndalama zake zinali zomangika mpaka tsiku lowombola, ndipo akanafuna kuzitulutsa msanga akanayenera kugulitsa chikalatacho pamtengo wotsika. Wogula ziweto, njerwa kapena matumba a chimanga anapulumuka. Amene anakhulupirira boma lake ndiye analira.

Ndikudziwa zimene akuluakulu a boma ku Capital Hill angayankhe: boma lili pa usiwa, ngongole zachuluka, zipatala zikusowa mankhwala, ndipo ogula zikalatazi ambiri ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi osunga thumba la penshoni. Zonsezi n'zoona. Mabanki apitirize kukhoma msonkho pa phindu lawo, ndipo palibe amene angawamvere chisoni, chifukwa kubwereketsa boma kwawanenepetsa zaka zimenezi. Koma banki ili ndi akatswiri owerengera ndalama odziwa njira zonse za malamulo a msonkho. Mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena namwino wa ku Nsanje alibe womuwerengera. Iye amangoona kuti ndalama zalowa mu akaunti zitaperewera. Kuyesa awiriwa ndi muyeso umodzi ndiko kukondera wamphamvu.

Komanso funso la chifukwa chimene anthu wamba sagula zikalatazi likuyankhidwa ndi zomwezi. Kale makolo athu ankasunga ndalama ku positi ofesi, ali ndi kabuku kawo m'manja. Banki ya ku positi ija inasanduka Malawi Savings Bank, ndipo mu 2015 boma linaigulitsa kwa kampani ya FDH. Chiyambire nthawi imeneyo palibe khomo lodziwika bwino limene munthu wa kumudzi angagogode kuti asungitse ndalama zake ku boma. Kuti ugule Treasury bill uyenera kudzera ku banki kapena kwa amkhalapakati a zachuma, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Amayi asankha banki mkhonde, ndipo sanalakwe: malamulo ake amawadziwa, tsiku logawana amalidziwa, ndipo palibe wowadula kanthu mwakachetechete.

Mayiko ena anaona kale kuti wosunga wamng'ono amafunika chikalata chakechake. Britain inayamba mu 1975 kugulitsa kwa okalamba zikalata zomwe phindu lake linkatsata kukwera kwa mitengo, zopanda msonkho. Kenya mu 2017 inatulutsa M-Akiba, chikalata chogulidwa pafoni kuyambira mashiling'i 3,000, chobala 10 peresenti yopanda msonkho. Sichinagulidwe mochuluka monga ankayembekezera, ndipo phunziro lake n'lakuti anthu ayenera kufotokozeredwa bwino ndi kutsimikiziridwa kuti adzawombola mosavuta. Kuno tili ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba mpaka m'misika ya kumudzi. Njira ilipo kale.

Chofunika n'chosavuta kulemba m'lamulo. Pakhale chikalata cha munthu payekha, chokhala ndi malire a ndalama zomwe mmodzi angaikemo kuti olemera asabisalemo, chopanda msonkho pa chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chisakhale chochepera kukwera kwa mitengo. Malamulo owombolera alembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, anene poyera zomwe munthu angataye akawombola nthawi isanakwane pa matenda kapena maliro, ndi momwe ana amasiye angalandirire ndalama za kholo lawo popanda kuyenda miyezi m'maofesi. Msonkho umene boma lingataye pamenepa ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama zomwe zingatuluke m'mabokosi ndi kunsi kwa mphasa.

A Nduna ya Zachuma ndi inu aphungu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana bajeti ikubwerayi chotsani msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanja cha osunga ang'onoang'ono amene abwereketsa boma ndalama zawo.