Tisaseke Munthu Wofunafuna Dooko

M'chaka cha 2025, kuyambira pa 13 Januwale kufikira pa 26 Febuluwale, Ahindu miyandamiyanda anasonkhana ku Prayagraj, m'dziko la India, pa mwambo wa Kumbh Mela. M'bandakucha wa pa 29 Januwale anthu anapondana pokanganirana kumtsinje, ndipo boma linalengeza kuti anthu 30 anafa. Ena mwa ife tinapukusa mitu nkumati: "Kufera madzi akuda! Umbuli wa opembedza mafano." Mau ameneŵa tikuwakana. Za imfazo afunsidwe oyang'anira khamu. Koma kutcha mapemphero a mnzathu umbuli, pamene sitinamfunse tanthauzo lake, ndiwo umbuli wathu.

Malo oyera Ahindu amawatcha tirtha, ndiye kuti dooko, powolokera mtsinje. Wopita kumeneko sakufuna kuchotsa litsiro la m'thupi, pakuti chitsime ali nacho kwao. Akufuna kuoloka, kusiya tsidya la machimo ndi imfa. Ku Prayagraj kumakumana mitsinje iŵiri yooneka, Ganga ndi Yamuna, koma iwo amaŵerenga itatu: wachitatu, Saraswati, suoneka ndi maso. Kodi anthu oŵerengera mtsinje wosaoneka tingawanene kuti amapembedza madzi chabe?

Tiyeni titsikire kum'mwera, ku phiri la Sabarimala m'chigawo cha Kerala, kumene amapembedza Ayyappa. Asanakwere phirilo, munthu amadzimana masiku 41: nyama osadya, moŵa osalaŵa, nsapato osavala, chovala chakuda basi. Nthaŵi yonseyo aliyense amatchedwa "Swami", kaya ndi mwini sitolo kaya ndi mtengamtolo wake. Ponyamuka amaboola kokonati, nataya madzi ake, nathiramo mafuta a mkaka wa ng'ombe, nasenza pamutu. Akakwera makwerero 18 a kachisi, mafuta aja amaperekedwa kuti athiridwe pa Ayyappa, ndipo chigoba chimaponyedwa pamoto. Iwo amati madzi otayidwawo ndi zilakolako, chigoba ndi thupi, mafuta ndi mzimu wobwerera kwa mwini wake. Ife amene timadandaula ndi kusala nyama tsiku limodzi Lachisanu, tiyambe tachita manyazi tisanaseke.

Sitikunena kuti zonse nzoyera. Ganga ngwoipitsidwa ndi zonyansa za m'mizinda ndi m'mafakitale, amalonda amadyera amwendamnjira masuku pamutu, ndipo ku Sabarimala komweko akazi a zaka 10 mpaka 50 analetsedwa kuloŵa, nkhani imene Bwalo Lalikulu la India linaweruza mu 2018. Sitikunenanso kuti chikhulupiriro chao ndi chathu nchimodzi. Ife tili ndi Khristu, ndipo sitimsinthanitsa. Komatu mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani, m'kalata ya Nostra Aetate, unatchula Chihindu ndi dzina, nuphunzitsa kuti Eklezia sakana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina. Mkatolika wonyoza Mhindu wa pamtsinje akutsutsana ndi Aepiskopi ake omwe.

Nanga ife, atate ndi amayi a m'maparishi, timaoneka bwanji kwa mlendo? Timaviika chala m'madzi pakhomo la tchalitchi, timapempha wochokera ku Lourdes kuti atitengereko kabotolo, ndipo Lachitatu la Phulusa timapita kumsika titadetsa mphumi. Mhindu wogulitsa nsalu ku Limbe amationa chaka ndi chaka tikuloŵa m'sitolo mwake ndi phulusa limenelo, natipatsa moni.