Nkhondo ya Stephen ndi Matilda: zimene nthano ndi kanema amasiya

Usiku wa pa 25 Novembala 1120, sitima yapamadzi yotchedwa White Ship inagunda thanthwe itangonyamuka padoko la Barfleur ku Normandy. Oyendetsa ndi okwera omwe anali atamwa vinyo wambiri. Mwa anthu pafupifupi 300, olemba mbiri a nthawiyo amati anapulumuka mmodzi yekha, wogulitsa nyama wa ku Rouen, amene anakakamira mtengo wa sitimayo mpaka kunja kutacha. Pakati pa omira panali William Adelin, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa bambo ake, Henry I wa ku England. Henry analumbiritsa nduna zake kuti zidzalonga ufumu mwana wake wamkazi Matilda, koma Henry atamwalira mu Disembala 1135, Stephen anathamangira ku London n'kuvekedwa chisoti patangotha masabata atatu. Stephen anali mwana wa Adela, mlongo wake wa Henry. Kwa Achewa, kumene mwana wa mlongo wake wa mfumu ndiye amalowa dzina, palibe akadadabwa, koma ku England malumbiro anali atasweka. Nkhondo imene inabuka, yomwe akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 anaitcha Anarchy, inatha mu 1153.

Olemba nthano akhala akutunga pankhondoyi kwa zaka zambiri, ndipo palibe cholakwa kupeka anthu, midzi ngakhale zokambirana zimene palibe anamva. Chimene ndikutsutsana nacho n'kusintha chiyambi ndi mathero ake, chifukwa apo m'pamene pagona tanthauzo lonse. Taonani The Pillars of the Earth, buku la Ken Follett la mu 1989 limene linasanduka sewero la pakanema mu 2010. Tauni ya Kingsbridge ndi tchalitchi chake chachikulu n'zopeka, ndipo n'zopekedwa mwaluso: owerenga amamva kulemera kwa mwala ndi njala ya mmisiri wosowa ntchito. Koma Follett anasandutsa kumira kwa White Ship kukhala chiwembu, ndipo wopulumuka wake amapachikidwa pamlandu wabodza kuti asaulule. Palibe umboni wa chiwembu chotero. Zimene zinachitikadi n'zoopsa kuposa pamenepo: ufumu wonse unali utatsamira pamoyo wa mnyamata mmodzi wa zaka 17, ndipo kuledzera kwa usiku umodzi kunaugwetsa. Ukaikapo anthu oipa ochita upo, woonera amatuluka akuganiza kuti dziko limagwa chifukwa cha mitima yoipa ya anthu ochepa, osati chifukwa chosowa lamulo lomveka la kalowedwe ka ufumu.

House of the Dragon, imene HBO inayamba kuonetsa mu 2022, ili ndi vuto lina. George R. R. Martin, mlembi wa buku limene seweroli linachokera, sabisa kuti mkangano wa ufumu wa Rhaenyra ndi Aegon anautengera pankhondoyi, ndipo seweroli lagwira bwino mfundo imodzi yoona: amuna amene analumbira kugwadira mkazi anabweza mawu mfumu itangotsikira kuli chete. Komabe ukazi wa Matilda sunali nkhani yonse. Mwamuna wake, Geoffrey wa ku Anjou, anali wochokera kwa adani akale a anthu a ku Normandy. Mu 1141, Stephen atagwidwa pankhondo ya ku Lincoln, Matilda anafika pafupi kulongedwa, koma anakwiyitsa anthu a ku London powalamula ndalama, ndipo iwo anamupirikitsa mwambo usanachitike. Amene anatsogolera mbali ya Stephen ali m'ndende analinso mkazi, Matilda wina, wa ku Boulogne, ndipo nduna zinamumvera.

Otsutsa adzati nthano si kalasi ya mbiri, ndipo woonera zinjoka zolavula moto amadziwa kuti si England. N'zoona, ndipo Martin sangazengedwe mlandu ngati Follett, amene amagwiritsa ntchito mayina enieni. Adzatinso olemba akalewo sanali oyera m'manja: William wa ku Malmesbury analembera Robert wa ku Gloucester, mlongo wake wa Matilda, pomwe buku la Gesta Stephani linkaikira kumbuyo Stephen, ndipo chithunzi cha Matilda wodzikuza chinachokera kwa anthu a tchalitchi amene ankaona ulamuliro wa mkazi ngati mwano. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo mabuku ngati la Sharon Kay Penman la mu 1995 amubwezera ulemu umene anamanidwa. Koma kukondera kwa mboni kumapatsa wolemba ufulu wokayikira zonena zawo. Sikumupatsa ufulu wochotsa zimene mboni zonse zikugwirizana.

Njira yabwino anaionetsa Ellis Peters m'mabuku ake a Cadfael, mmonke wa ku Shrewsbury wodziwa zitsamba, amene Derek Jacobi anamusewera pa ITV kuyambira mu 1994. M'buku la One Corpse Too Many, Stephen walanda linga la Shrewsbury mu 1138 n'kupachika oliteteza, monga zinachitikiradi. Cadfael akutumidwa kukaika mitembo 94, koma powerenga akupeza 95: wina wapezerapo danga n'kubisa munthu amene wamupha pakati pa ophedwa ndi mfumu. Mtembo wapaderawo ndi wopeka, koma ukunena zoona za nthawi imene mwini linga ngati Geoffrey de Mandeville ankatha kulanda nyumba ya amonke ya Ramsey mu 1143 n'kumafunkha midzi yozungulira.

Mathero ndiwo amasowa kwambiri pakanema, chifukwa mulibe ngwazi. Nkhondoyi inali ya kuzinga malinga kwa miyezi kusiyana ndi kumenyana pabwalo. Mu 1153 magulu a Stephen ndi a Henry, mwana wa Matilda, anayang'anizana pamtsinje wa Thames ku Wallingford, ndipo nduna za mbali zonse zinakana kumenyana. Zinali zitatopa, ndipo zambiri zinali ndi minda ku England ndi ku Normandy komwe. Eustace, mwana wa Stephen, atamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho, Bishopu wamkulu Theobald wa ku Canterbury ndi Bishopu Henry wa ku Winchester, mng'ono wake wa Stephen, anayanjanitsa mbali ziwirizo: Stephen alamulire mpaka imfa, Henry mwana wa Matilda adzalowe m'malo mwake. Stephen anamwalira mu Okutobala 1154, ndipo Henry II anavekedwa chisoti popanda wotsutsa.