Dzina pamfuti si umboni, mboni ndi zidindo

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umapherezera pamsika wa mfuti zamakedzana za chifefe ku Britain, komwe okonda kusunga zinthu zakale amakhuthula ndalama zankhaninkhani akangoona dzina la kampani yotchuka pamfuti.

Vuto ndi lakuti dzina aliyense akhoza kulemba. M'zaka za m'ma 1800, amisiri ena a ku Belgium ankapanga mfuti zotchipa n'kuzilemba "W. Richards" kuti ogula aziyesa za Westley Richards, kampani ya ku Birmingham yomwe idayamba mu 1812. Chimaulula chinyengochi ndi kachidindo ka zilembo ELG kunsi kwa mipope, kosonyeza kuti mfutiyo idayesedwa mumzinda wa Liège ku Belgium komweko.

N'chifukwa chake wogula wanzeru ayenera kumasula mfuti ndi kuwerenga zidindo asadapereke khobidi. Ku Britain mphamvu ya mipope imayesedwa ku London kapena ku Birmingham, komwe nyumba yoyesera mfuti idakhazikitsidwa mu 1813, ndipo kugulitsa mfuti yosayesedwa ndi mlandu.

Mboni yachiwiri ndi nambala ya mfutiyo. Makampani monga James Purdey & Sons, yomwe idayamba mu 1814, amasungabe mabuku akale ofotokoza mfuti zomwe adapanga. Ngati buku likuti mipope idali mainchesi 30 koma lero ndi 28, ndiye kuti wina adadulako, ndipo mtengo uyenera kutsika.

Koma nkhaniyi siithera pa ndalama. Mfuti zambiri zakale zili ndi mipope ya Damascus, yopangidwa popota zitsulo, ndipo idayesedwa ndi wonga wakuda womwe mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi wamakono. Komanso malo olowetsa chipolopolo adali mamilimita 65 pamene zipolopolo zofala masiku ano ndi za mamilimita 70. Wosadziwa izi mfuti ikhoza kumuphulikira m'manja.

Ena amati kufufuza konseku n'kutaya nthawi poti mfutiyo ingokhala yokongoletsa pakhoma. Aiwala kuti mfuti imakhalitsa kuposa mwini wake. Mawa mdzukulu adzaitsitsa pakhomapo ndi kuikamo chipolopolo, pokhulupirira zomwe agogo ake adauzidwa ndi wogulitsa.

Wogulitsa amene akukana kuti mfuti imasulidwe ndi kuonedwa ndi katswiri waulula yekha kuti pali chomwe akubisa. Wotereyo n'ngofunika kumusiyira katundu wake.