Okonda masamu a kunyanja kuno, ganizirani za ku Bunda

Mukafunsa ophunzira a Fomu 4 amene amakhoza masamu ndi physics zomwe akufuna kudzakhala, ambiri amati dokotala kapena injiniya. Sindikutsutsa ayi. Koma ine, monga mphunzitsi wa physics kuno ku Mangochi, ndikuti ena mwa inu mukachite agricultural economics, kapena kuti maphunziro a chuma cha ulimi. Kuno kunyanja anthu oterewa tikuwasowa kwambiri.

Kwawo kwa maphunzirowa ndi ku Bunda, pafupi ndi Mitundu, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Koleji ya Bunda inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo mu 1967 inakhala nthambi ya University of Malawi. Nyumba ya Malamulo itavomereza mu 2011, Bunda inachoka m'yunivesiteyo ndipo mu 2012 LUANAR inayamba ntchito. Kumeneko kuli dipatimenti ya Agricultural and Applied Economics, komanso malo a kafukufuku otchedwa CARD. Ntchito yawo ndi kufufuza zinthu monga mitengo ya mbewu, misika, ngongole za alimi ndi zotsatira za mfundo za boma. Mwachidule, amafunsa kuti: ndalama ndi thukuta zikalowa uku, chikutuluka n'chiyani, nanga akupindula ndani?

Mwina mukuti zimenezi si sayansi. Tamvani chitsanzo ichi. Mu 2005 boma linayambitsa pologalamu ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, imene inadziwika kuti FISP. Aliyense ankaganiza kuti thumba lililonse la kuponi ndi thumba lowonjezera m'munda. Akatswiri a zachuma sanangokhulupirira, anayeza. Kafukufuku amene Jacob Ricker-Gilbert, Thomas Jayne ndi Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College anatulutsa mu 2011 anapeza kuti pa kilogalamu iliyonse ya feteleza wa makuponi, alimi ankachepetsa feteleza wogula okha ndi magalamu pafupifupi 220. Ena mwa olandira makuponi akanatha kugula okha. Kukayikira, kuyeza, kenako n'kunena zomwe manambala akuonetsa: kodi si zomwe timachita mu labu?

Tsopano tibwere kwathu. Nyanja ya Malombe kale inkatulutsa chambo chambiri, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinali chitachepa koopsa. Wa biology akuuzani chifukwa chake: makoka a maso ang'onoang'ono ankakokolola ana a nsomba ndi kuwononga malo oswanirana. Nanga n'chifukwa chiyani msodzi, amene akudziwa bwino kuti akupha mawa lake, amapitirizabe? Yankho ndi la zachuma. Iye akasiya kasawala lero, mnzake amugwira mawa. Phindu la kugwira ndi la munthu mmodzi, pomwe kuwonongeka kwa nyanja tikugawana tonse. Garrett Hardin analemba za vuto limeneli mu 1968, ndipo Elinor Ostrom analandira mphoto ya Nobel mu 2009 posonyeza kuti anthu angathe kuteteza chuma cha onse ngati malamulo apanga okha ndipo akuwalondera okha. Makomiti a m'madoko, ma BVC, amene anayamba ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, anali kuyesa njira yomweyo. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri ndipo anthu amamvera. Bwanji kwina zikutheka, kwina zikuvuta? Limenelo ndi funso lofuna kafukufuku, osati mikangano ya pabawo.

Ngakhale physics yathu payokha siikwanira. Taganizirani za usipa. Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, ndipo kuumitsa ndi kuchotsa madziwo. Pathandala zimayenda bwino kukakhala dzuwa ndi kamphepo, koma nthawi ya mvula mpweya umakhala ndi chinyezi chambiri, usipa umachedwa kuuma, wina n'kuwola. Tenti ya pulasitiki youmitsira nsomba imathandiza: kuwala kwa dzuwa kumalowa, kutentha kumasungika m'kati, mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'mwamba ndi chinyezi chija. Apa physics yamaliza mbali yake. Koma mayi wa geni ya usipa ku Msaka kapena ku Malembo ali ndi mafunso ena. Tentiyo ndi ndalama zingati? Ibweza pakatha miyezi ingati? Kodi ogula ku Limbe alipira zochulukirapo chifukwa usipawo ulibe mchenga? Mafunsowa akapanda kuyankhidwa, tenti ija ingokhala chionetsero cha alendo.

Pali dandaulo limodzi limene ndili nalo. Kafukufuku wambiri wa chuma cha ulimi m'dziko muno wakhala akuzungulira pa chimanga, fodya ndi feteleza. N'zomveka, poti nsima ndiye moyo. Koma nsima imafuna ndiwo. Komanso zotsatira zake zimalembedwa m'Chingerezi chovuta, m'mabuku amene msodzi wa kwa Makanjira sadzawaona. Mwana wobadwira kuno, wodziwa Chiyao ndi Chichewa, wodziwa kusiyana kwa chilimira ndi matchera, angafunse mafunso oyenera padoko ndi kubweza mayankho m'chilankhulo chomveka. Ndipo ku Bunda komweko kuli dipatimenti ya Aquaculture and Fisheries Science, choncho wokonda nsomba ndi manambala sangasowe anzake.

Sindikulonjezani kuti digiri iyi ndi ntchito yapompopompo. Ntchito zikuvuta m'maphunziro onse. Chomwe ndikunena n'chakuti luso lowerengera phindu ndi kuluza, lojambula magirafu ndi kuwamasulira, limagwira ntchito m'boma, m'mabanki, m'mabungwe, ngakhale pabizinesi yanuyanu.

Yambani panopa. Limbikirani masamu, makamaka statistics, ndipo musapeputse Agriculture. Kenako yesani izi: kwa mwezi umodzi, lembani m'kope mtengo wa ndowa ya usipa padoko lapafupi, pamodzi ndi mmene kunja kunachera tsikulo, kaya kunali mwera kapena mwezi unali wowala. Jambulani girafu, mubwere nayo m'kalasi, tidzaone limodzi chimene chikukweza mtengo.